Mkamwini wa Ziweto Zosaoneka

A Julius a ku Mlangeni anali ndi matenda amodzi okha, ndipo matendawo anali a pakamwa. Munthu wabwino ndithu, mlimi wa mbatatesi wolimbika, wosatukwana ngakhale atalawa. Koma kungowapatsa nkhani yowonda kuti akaitule kutsidya kwa msewu, inkakafika itanenepa, itamera ndi nyanga zomwe. Eni ake ankati limenelo ndi luso. Ukhoswe sunkawaphonya: mnyamata aliyense wa pamtundu pawo akaona mbeta, okagogoda anali a Julius, ndipo ankadziguguda pachifuwa kuti chiyambire sanabwererepo chimanjamanja.

Tsono chaka chimenecho amene anadzawagwadira anali Chrispine, mwana wa mlongo wawo, wogwira ntchito ya kafukufuku mu labotale ina ku Blantyre. Mnyamata wofatsa, wamagalasi, woti akayamba kuganiza tiyi amazizirira m'manja. Anali atakondana ndi Maness, mphunzitsi wa kumudzi wina kufupi ndi ku Nzama, ndipo ankamukonda mochita kumvetsa chisoni. Bambo ake a Maness anamwalira iye akadali wamng'ono, choncho mwini mbumba, woyankha zonse za mtsikanayo, anali malume ake, a Goliati.

"Kumeneko akandifunsa ntchito yako, mphwanga," anatero a Julius atakhala pakhonde. "Ndikanene kuti ndiwe dokotala?"

"Ayi malume, sindine dokotala wa odwala."

"Nanga m'kajasi koyera kaja umatani tsiku lonse?"

Chrispine anakonza magalasi n'kuyamba. Anati mankhwala a njoka amene alipo amachokera m'magazi a mahatchi: hatchi amaibaya ululu pang'onopang'ono, thupi lake limapanga asilikali olimbana nawo, ndiye anthu amatenga asilikaliwo. Mankhwalawo ndi odula, sapezekapezeka, ndipo anthu ena thupi limawakana.

"Ife tikufuna njira ina," anatero. "Tili ndi tizilombo tochepetsetsa, dzina lake mafeji. Tizilomboti sitidwalitsa munthu, timangolowa m'mabakiteriya n'kuswana m'menemo. Kalikonse timakaveka kambedza pamutu, kotengera asilikali a m'magazi a anthu, ndipo mbedzazo n'zosiyanasiyana. Tikatero timapaka ululu wa mphiri m'kambale, n'kuthiramo tizilomboto, n'kutsuka. Tosagwira ululu timapita ndi madzi. Togwira timakakamira, ndiye timatitenga, kutiswetsa, n'kubwerezanso. Kamene kagwiritsitse kuposa tonse ndi kamene katiuze mapangidwe a mankhwala atsopano."

"Tilipo tingati tizilomboto?"

"Mabiliyoni, malume. M'kabotolo kamodzi kochepa ngati chala."

Apa maso a a Julius anawala. Za mahatchi, za mabakiteriya, zonsezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Chimene chinakhazikika ndi mabiliyoniwo.

"Nanga timadya chiyani?"

"Mabakiteriya aja timawalera mu msuzi wake wapadera, ndiye..."

"Basi, basi, ndamva. Kagone mtima uli m'malo. Mkazi wapeza."

Loweruka lotsatira a Julius anavala jekete ya maliro ndi maukwati, anatenga msuweni wawo wina wosalankhula woti azikangothandiza kuwomba m'manja, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Nyumba ya a Goliati anaipeza kumapeto kwa mudzi, payokha, bwalo losesedwa bwino koma lopanda ana osewerapo. Mwini wake anali munthu wamtali, wouma thupi, wotsimphina mwendo wamanja, ndipo mawu ankawatulutsa ngati akuwagula. Pamphasa chapatali panakhala mlongo wawo, mayi Lufina, amene ndi amayi a Maness. Panalinso achibale angapo ndi akatekisiti a m'mudzimo. Kuseri kwa nkhokwe nkhuku inali itamangidwa mwendo, ikudikira mpeni.

Poyambira ndiye a Julius anayamba bwino, tisawanamizire. Anatchula a Goliati ndi mfunda wawo, Angozo, anafotokoza za tambala wa ku Mlangeni amene waona msoti pakhomopo, ndipo achibale anagwedeza mitu mokhutira.

"Tamva," anatero a Goliati. "Mnyamatayo amadalira chiyani? Munda ali nawo? Khola?"

Abale inu, yankho linali lapafupi: ali pa ntchito, amalandira pakutha pa mwezi. Akanatero nkhuku ija ikanafa imfa yabwino. Koma mawu akuti khola anawayabwa lilime.

"Khola? Ha! Angozo, mwandikanda poyabwa. Mwana wathuyo ali ndi ziweto zoti inu simunazionepo, ndipo simudzaziona."

"Sitidzaziona chifukwa chiyani?"

"Sizioneka ndi maso! Koma kuchuluka kwake, muphatikize ng'ombe za Ntcheu yense, mbuzi, nkhuku, ndi anthu omwe, simunayambe n'komwe."

"Zochuluka chomwecho amazisunga kuti?"

"M'kabotolo, kochepa chonchi." Anaimika chala. "Pamalo pozizira, potseka bwino. Munthu wamba salowamo, ndipo mwini wake polowa amavala chovala chapadera, choyera, manja ataphimba."

Akatekisiti anatsokomola. A Julius anayesa kuti ndi kusirira.

"Zimadya chiyani?" anafunsa mayi Lufina ndi kamawu kochepa.

"Msuzi, mayi. Msuzi wakewake, woti munthu sangamwe."

"Nanga ntchito yake?" anafunsa a Goliati.

"Amazituma! Akati pitani mukagwire ululu wa njoka, zimapita. Chaulesi amachitsuka n'kuchitaya, chomvera amachiswetsa. Ndipo chilichonse chili ndi kambedza pamutu, kochokera m'magazi a anthu."

"Anthu ake ati?"

Apa a Julius anazindikira kuti funso limeneli sanamufunse Chrispine. Koma nkhoswe yotchuka singanene kuti sindikudziwa.

"Osiyanasiyana," anatero monyadira.

Msuweni uja, poona kuti nkhani yaima, anawomba m'manja yekhayekha. Mayi Lufina anachita chizindikiro cha mtanda. A Goliati anadzuka pang'onopang'ono, nkhope itauma gwa.

"Mwayenda bwino," anatero. "Mawu anu bwererani nawo. Mwana wathu sitingamupereke kwa munthu woweta za m'botolo."

A Julius akutuluka pabwalo, nkhuku ija inawadutsa kutsogolo ikuyenda mwamatama, chingwe chikukwekwereka kumwendo.

Masiku ano nkhani siyenda wapansi, imakwera foni. Pamene a Julius ankafika ku Mlangeni, akazi awo, mayi Edna, anali ataima kale pachipata manja ali m'chiuno.

"Inu a bambo a Janeti, mwakanena chiyani kwa eni ake?"

"Zoona zokhazokha."

"Zoona? Mwana wa mlongo wanu mwamusandutsa mfiti dzuwa likuswa mtengo! Kumsika akuti amaweta ndondocha mufiriji. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma inu mwaposa!"

A Julius anafuna kudzikanira, koma atabwereza mumtima mawu awo onse, amodziamodzi, anawamva monga anamvekera kwa eni ake. Kabotolo. Zosaoneka. Kuzituma. Magazi a anthu. Ogo! Akanakhala iwo mwini mbumba, mlendo wolankhula zotere akanamuthamangitsa ndi agalu.

Madzulo Chrispine anaimba foni. Sanakalipe, ndipo ndi chimene chinawawa kwambiri. Anangoti, "Malume, Maness akungolira. Akuti sangakwatiwe mopanda chilolezo cha a Goliati, poti ndiwo anamulera. Ndichite chiyani?" A Julius anamva manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Mnyamatayo anawakhulupirira, iwo n'kumuphera banja ndi lilime lawo.

Maness anachonderera malume ake mpaka analola kumvanso kachiwiri. Ulendo uno a Julius anathyola mwambo: anatenga mwini nkhani kuti akadzifotokozere yekha, chinthu chimene nkhoswe yodzilemekeza sichita. Msuweni uja anapita nawonso. Njira yonse ankamulangiza mokuwa, kulimbana ndi phokoso la njinga.

"Ukakhale pansi, osati pampando. Maso pansi, osayang'ana akuluakulu kumaso. Ulankhule ndikakugwedeza. Ndipo botolo, msuzi ndi magazi, mawu amenewa wawasiya ku Blantyre. Wamva?"

"Ndamva, malume."

Anapeza bwalo lija, lomwe linali lopanda anthu, litazunguliridwa ndi theka la mudzi. Onse anaima chapatali cha kumpanda, okonzeka kuthawa. Amayi ena anabisa ana kuseri kwa zitenje. Anthu ankayembekezera chimunthu chamaso ofiira, ndiye ataona kamnyamata kamagalasi kakupunthwa pa muzu, ena anakhumudwa ndithu.

A Julius atamugwedeza, Chrispine anayamba, maso ali pansi monga analangizidwira.

"Makolo anga, malungo tonse tadwalapo. Alipo amene anakaonapo ndi maso kachilombo kake? Koma kuchipatala amakaona pa makina, ndipo sitinena kuti adokotala ndi okhwima. Tizilombo tathu n'chimodzimodzi. Ndipo tizilomboti sitimva kutumidwa, tilibe makutu. Mukadutsa m'tchire, udzu wambiri umakukhudzani, koma chokakamira pa buluku ndi chisoso chokha. Ife timangodutsitsa ululu wa njoka pakati pa tizilomboto n'kuona kamene kakakamire. Kameneko ndi kamene tikufuna, kuti munthu akalumidwa tizimubaya mankhwala ogwira ululuwo usanawononge thupi."

Akatekisiti anagwedeza mutu. Bambo wina kumbuyo anati, "Aa, ndi za chipatala eti." Anthu anayamba kusendera pafupi. A Julius mtima unayamba kutsika, mpaka anayang'anako kuseri kwa nkhokwe ngati kuli nkhuku yomangidwa.

Tsoka silinunkha. A Goliati, pomva za chisoso, anayang'ana buluku lawo n'kupeza kuti chawakakamiradi. Anawerama kuti achichotse, n'kukweza mwendo wa buluku mpaka m'bondo. Ndiye poti Chrispine anauzidwa kuti maso akhale pansi, maso akewo anagwera pomwepo: mwendo wopyapyala, wakuda bii, mnofu wa pa katumba utadyeka, khungu litakwinyika ngati lopsa ndi moto.

"Pepani bambo," anatero osadikira kugwedezedwa. "Imeneyo ndi mphiri?"

"Mphiri."

"Inakulumani kamodzi?"

"Kawiri."

Mnyamata anaiwala mkazi, anaiwala malume, anaiwala dziko lonse. Anasendera chogwada, maso akuwala ngati mwana waona zitumbuwa.

"Kawiri! N'kuchira konse kuwiri! Bambo, simungatipatseko magazi anu?"

Mayo ine! Simunaone anthu akubalalika. Wina anakuwa kuti, "Anamapopa!" Mayi wina anatola mwana wa mnzake n'kusiya wake. Bambo uja wa za chipatala anagwera mu mtondo wogona. Msuweni wowomba m'manja uja, pamene fumbi linkatsika, anali akuoneka kale kutali pa njira ya kumsewu, nsapato zili m'manja.

"Angozo, mwanayu akutanthauza kuti..." anayamba a Julius, thukuta lili kamukamu.

"Inu khalani chete," anatero a Goliati. "Pakamwa panu tinapamva sabata yatha." Iwo okha ndi amene sanasunthe. Anayang'ana Chrispine kwa nthawi. "Magazi angawo mukatani nawo?"

Apa m'pamene Chrispine anazindikira chimene wachita. Koma anayankha. Anati thupi likakumana ndi ululu koyamba n'kupulumuka, nthawi zina limaphunzira. Limapanga asilikali oudziwa ululuwo, n'kuwasunga. Munthu wolumidwa kawiri akhoza kukhala ndi asilikali amene iwo ku labotale akhala akuwafunafuna m'kambale muja osawapeza, ndipo atawapeza akhoza kutengera mbedza zake n'kuveka tizilombo tija.

"Mwina," anamaliza motero, "n'chifukwa chake kachiwiriko munachira."

"Tabwerezani pamenepo."

"Ndati mwina thupi lanu linaphunzira pa kulumidwa koyamba."

A Goliati anadikira mpaka anthu othawa aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, poona kuti palibe amene wapopedwa. Atalankhula, sanalankhule kwa alendo okha. Anakweza mawu kuti a kumpanda amve.

"Koyamba ndinali mnyamata, ndikuweta ng'ombe. Kachiwiri tinali kudimba ndi mlamu wanga, malemu Nathan, bambo ake a Maness. Tinkatuta udzu. Njoka imodzi yomweyo inatiluma tonse awiri, m'mawa umodzi. Anatinyamula pa ngolo imodzi. Kumene tinapita mankhwala ake kunalibe. Iye sanafike Lamulungu, ine ndili pano."

Anatsitsa mwendo wa buluku bwinobwino.

"Anthu awa mukuwaonawa anati ndine wokhwima. Anati njokayo inali yanga, ndinapereka mlamu wanga m'malo mwanga. Chiyambire pamenepo palibe amene amadzapala moto pakhomo pano. Pamaliro mbale yanga ndimadya ndekha. Ndiye mubwere inu a Julius ndi mkamwini woweta za m'botolo. Anthu akanati chiyani? Akanati zakumana, mfiti yapeza wolowa m'malo. Mwana wa Nathan ndikanamuponya m'matope momwe ndakhala inemu."

Kumpanda kunalibe woyang'ana mnzake. A Julius chifundo chinawagwira, ndipo manyazi aja anawirikiza.

A Goliati anatembenukira kwa Chrispine. "Mukuti chimene chinandipulumutsa chili m'magazi, ndipo chikhoza kuoneka?"

A Julius anaona khomo litatseguka, analumphiramo ndi miyendo yonse. "Chioneka ndithu, Angozo! Mawa lomwe! Makina ake aja sanama, ndi ochokera kunja!"

"Ayi malume," anatero Chrispine.

Koma abale! A Julius anamutsina m'nthiti, koma mnyamatayo anapitiriza.

"Mwina chioneka, mwina ayi. Papita zaka zambiri, asilikali aja amatha kuchepa. Mwinanso njokayo inathera ululu wambiri pa amene inayamba kumuluma, wachiwiri n'kulandira wotsala. Zonsezi zimachitika, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chofuna kukhwima. Koma sindingakulonjezeni zimene sindinazione. Zimene ndikapeze, kaya n'zokoma kaya ayi, ndidzabwera kudzanena zomwezo."

A Julius anagwira kumutu. Mwana wamtundu wanji wolephera kunama ngakhale kamodzi kokha kuti apeze mkazi? Ukwati unali m'manja, iye n'kuutaya dala ndi timamwina take!

Amene analankhula anali mayi Lufina, pamphasa paja.

"Njokayo inayamba ndi amuna anga," anatero. "Anandiuza okha pa ngolo paja, kuti itawaluma anaikankhira kumene kunali achimwene osadziwa. Ankadandaula kuti apweteketsa mlamu wawo." Anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. "Achimwene, ine ndi pakamwa sindinanenepo kanthu. Koma mumtima ndinkanena nawo anthuwa. Zaka zonsezi mukundilerera mwana, ine ndinkanena nawo."

A Goliati anayang'ana kumapiri. Zinali zomvetsa chisoni kuona munthu wamkulu chotero akulimbana ndi misozi pamaso pa mudzi.

"Ndinkadziwa, mlongo wanga," anatero. "Madzi unkandipatsira m'kapu yakeyake."

Anapukuta kumaso ndi chikhatho, anakonza kukhosi, n'kutembenukira kwa nkhoswe imene inali itafota pa mpando.

"A Julius, mwana wanuyu kufunsira mkazi sadziwa. Munthu wofuna mbeta sapempha magazi a apongozi tsiku loyamba. Koma kunamanso sadziwa, ndiye sindikudziwa kuti anatengera ndani."

Akatekisiti ndi amene anayamba kuseka, kenako mpanda wonse unaphulika, kuseka kwa anthu amene apeza pobisira manyazi awo. A Julius anaseka nawo, misozi ili mbwembwembwe, ndipo sanasamale kuti wosekedwayo ndi iwo.

"Mwanayu tapereka," anatero a Goliati.

Nthungululu inachokera m'nyumba, kumene Maness anali atamatira khutu kuchitseko nthawi yonseyi. Chrispine anavula magalasi, anawavalanso, n'kusowa chochita ndi manja ake.

"Koma imvani, akamwini," anapitiriza a Goliati. "Magaziwo mukatenge kuchipatala, masana, khomo lili pululu, ndipo aliyense wa anthu awa wofuna kuona abwere adzaone. Zimene mukapeze mudzanene pabwalo pompano, inuyo ndi pakamwa panu, osatuma malume anu."

"Ndidzatero, bambo."

Mkuluyo anapinda mkono wa malaya, anayang'ana mitsempha yake ngati akuiona koyamba, n'kuutambasulira kwa mnyamatayo.

"Mukatenge kumanzere kuno. Wamanjawu musaukhudze, ndi umene ndidzagwirire chibonga povina ngoma pa ukwati wa mwana wa Nathan. Ndi mwendo womwewu ndidzavina, ndipo ndione amene adzatuluke m'bwalo."